Khoma la Kuseri kwa Wadiropu

Anthu ankamutchula Makiyi chifukwa asanaonekere pakona ankayamba wamveka kaye. M'chiuno mwake munkalendewera makiyi a nyumba khumi ndi zinayi, ndipo mwa zonsezo panalibe yake ngakhale imodzi. Iye ankagona m'kachipinda ka lendi kuseri kwa sitolo ya matayala, koti ukadziwongola chigongono chimagunda zenera. Koma mukanamumva akutamanda nyumba kwa wogula, mukanalumbira kuti anabadwira m'bafa la matailosi.

Ntchito yake inali ya uejenti. Wogulitsa nyumba ankamupatsa makiyi, iye n'kumusakira wogula. Wofuna nyumba ankamutuma, iye n'kumusakira wogulitsa. Abwana ake anamuuza tsiku loyamba kuti pa nyumba imodzi ejenti amaimira munthu mmodzi basi, chifukwa aliyense amakunong'oneza zake, ndipo mutu umodzi susunga zinsinsi za anthu awiri okokerana mtengo. Makiyi anasunga lamulolo zaka zitatu. Analiswa sabata yomwe linkafunika kwambiri.

Chinamugwetsa ndi chikondi, monga mwa nthawi zonse.

Namwino wa pa kiliniki ya kumsewu waukulu anali atamulola miyezi isanu ndi itatu yapitayo, atamuzunguza kaye miyezi inayi. Amene anali asanalole ndi mayi ake a Namwinoyo. Iwo anali mayi wamasiye, wa magalasi okhala kunsonga kwa mphuno, ndipo ankati mwamuna wogulitsa nyumba za eni ali ngati woperekera zakudya mu lesitilanti: amanunkhira bwino, koma kwawo amagona ndi njala. Mtima wawo unali pa Loya, mnyamata wa tayi amene anawathandiza kusintha mapepala a nyumba amuna awo atamwalira. Ntchitoyo inatha kalekale, koma Loya sanasiye kubwera Loweruka lililonse, ngati kudzaona ngati mapepalawo akugona bwino.

* * *

Lolemba lina Mayi anamuitanitsa Makiyi. Anapita atapukuta nsapato kawiri, akuganiza kuti akukamuthamangitsa. M'malo mwake anamupatsa mpando wa malemu, n'kumuuza kuti nyumba yawakulira, mawondo sakuwalolanso kukolopa zipinda zinayi, ndipo akufuna kuigulitsa kuti akapeze kanyumba kakang'ono kufupi ndi kiliniki.

Anamuyendetsa chipinda ndi chipinda. Atafika m'chipinda chakumbuyo, mphuno ya Makiyi inayamba ntchito mwini wake asanaitume. Munkanunkha penti watsopano, koma pansi pa pentiyo panali kafungo kena, konga ka thaulo loiwalika m'chikwama. Wadiropu yaikulu ya malemu inaima pakhoma lakumunsi, pamalo poti munthu wanzeru zake sangaike wadiropu, chifukwa inkatseka theka la zenera.

Mayi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo anaona kuti waona.

"Khoma limenelo mvula ikagwa limatuluka thukuta," anatero. "Amisiri atatu alilephera. Ndakuuzani chifukwa ndinu ejenti wanga. Ejenti amasunga za munthu wake, si choncho a Ejenti?"

"Ndi choncho, Mayi."

"Mukaigulitsa bwino nyumbayi, tidzakhala pansi, tikambirane nkhani inayo."

Nkhani inayo inali itaima pakhomo la khitchini, ikunamizira kupukuta kapu yomwe inauma kale. Makiyi anatuluka pageti makiyi atsopano ali m'manja, mtima ukugunda ngati wapatsidwa kale mkazi. Za khoma anadziuza kuti wogula aliyense ali ndi maso ake. Adzabwera wina wa ndalama, wofuna kugumula n'kumanga zake, ndipo khomalo lidzalira m'manja mwa eni.

* * *

Wogula anabweradi msanga. Vuto lake anali Azakhali.

Azakhali ndiwo anamulera Makiyi kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, makolo ake atamwalira. Anagwira ntchito ku positi zaka makumi atatu, ndipo atapuma anamutuma mwana wa mchimwene wawoyo kuti awapezere nyumba yoti adzaferemo, chifukwa anatopa ndi eni nyumba ogogoda tsiku loyamba la mwezi. Anasaina mpaka pepala la kampani, lonena kuti Makiyi ndiye ejenti wawo. Nyumba zisanu ndi ziwiri anazikana. Ina masitepe, ina fumbi, ina chifukwa mayi woyandikana naye anawayang'ana moipa. Fumbi sankaliseka, chifukwa mphumu inali itawagoneka m'chipatala kawiri chaka chimenecho, ndipo kampope kawo ka mankhwala sikankachoka m'chikwama.

Lachitatu Makiyi anawaonetsa chithunzi cha nyumba ina pa foni. Anaiwala kuti Azakhali ukawapatsa foni kuti aone chithunzi chimodzi, chala chawo sichiima. Anasuntha zithunzi, anasuntha, mpaka anafika pa nyumba ya Mayi, ya khonde lalitali ndi mtengo waukulu pakhomo.

"Iyi."

Makiyi anawauza kuti ili kutali. Iwo anati alibe kopita. Anati oyandikana nawo ali ndi agalu asanu ouwa mosinthana ngati alonda. Iwo anati khutu lawo lakumanzere linapuma ntchito limodzi ndi iwo, adzagonera lakumanja. Anati mtengo wake ndi wokwera. Iwo anamunong'oneza pomwe angafike ngati mwini wake atauma mutu, n'kumuchenjeza kuti asauze munthu. Kenaka anakulitsa chithunzi cha chipinda chakumbuyo ndi zala ziwiri, n'kunena kuti chimenechi ndicho chawo, chifukwa chili kutali ndi fumbi la mumsewu, chifuwa chawo chidzapumula.

Apa munthu wolongosoka akanangonena zoona. Koma Makiyi anawerengera mofulumira, ngati wakuba wamva chitseko. Akawauza Azakhali za khoma, nkhani ifika kwa Mayi lisanalowe dzuwa, chifukwa Azakhali sasunga mkwiyo m'thumba. Akawauza Mayi kuti wogula ndi azakhali ake, aziti wawatchera msampha kuti abale ake agule motchipa. Ndipo Azakhali anali asanamuonepo Namwino. Ankangodziwa kuti kuli namwino winawake amene wachititsa mwana wawo kuyamba kusita malaya.

Ndiye anasankha njira ya amantha, imene nthawi zonse imaoneka ngati yanzeru. Anati awatengera kumeneko Loweruka akaione, koma pakhomopo asakanene kuti ndi pachibale, chifukwa ogulitsa amakayika. Mumtima ankapemphera kuti akapezeko chodana nacho, monga anachitira ndi zisanu ndi ziwiri zija.

Azakhali anaseka mpaka kutsokomola. Anati pa sukulu ankachita zisudzo, asadere nkhawa.

* * *

Lachisanu masana anakumana ndi Namwino pa benchi la kunja kwa kiliniki. Mtsikanayo anabwera akuwala. Anati dzulo Mayi anamutchula Makiyi osawonjezera mawu oti "uja", chinthu chomwe sichinachitikepo. Anati Loya anabwera ndi nkhani yoti nayenso ali ndi wogula, koma Mayi anamuuza kuti adikire, nyumba ili m'manja mwa a Ejenti. Loya akuti anameza tiyi wotentha osapemerera.

Makiyi anaseka pomwe panafunika kuseka. Anatsegula pakamwa katatu kuti anene za khoma ndi Azakhali, ndipo katatu konse panatuluka zina. Kachinayi anafunsa mozungulira, ngati wodwala atamuuza chinsinsi chomwe chingapweteke wodwala wina, iye angatani.

"Wayamba ndagi masana ano? Wapatsa mimba munthu?"

"Ayi, ndikungofunsa."

"Amuna akamangofunsa ndiye kuti ayankha kale." Anamutsina pamkono, kenaka nkhope yake inakhala pansi. "Tamvera. Mayi sagona ndi nyumba imene ija. Usiku amadzuka kukakhudza makoma. Mawa zikayenda, iwe ndi ine tapuma. Usatigwetse."

Belu la kiliniki linalira, Namwino n'kuthamanga. Atafika pachitseko anamutumizira uthenga woti avale malaya abuluu aja, Mayi amati ndi okhawo omwe amamuonetsa ngati munthu wa pantchito.

Makiyi anakhala pa benchipo mpaka mlonda anamufunsa ngati akudikira jakisoni.

* * *

Loweruka m'mawa kunja kunali mitambo, ndipo Makiyi ankaiyang'ana ngati mboni yomwe yabwera kudzamuneneza. Atafika ndi Azakhali pa galimoto ya kampani, anapeza ya Loya itaima kale pansi pa mtengo. Loya anati wangobwera ngati mnzawo wa banja, koma mnzawo wa banjayo anali ndi chikwama cha mapepala pamwendo.

Azakhali anachita chisudzo chawo mopitirira muyeso. Ankamutchula Makiyi kuti "bambo ejenti" mokweza, mawu aliwonse, ngati akuitana munthu wa tsidya la msewu. Anafika pomufunsa ngati ali pabanja. Makiyi anatuluka thukuta m'malaya abuluu.

Pemphero lake silinayankhidwe. Azakhali anakonda khonde, anakonda khitchini, anakonda ngakhale mpopi wodontha, akuti ukuwakumbutsa nyumba yomwe anakulira. Choopsa kwambiri, anakondana ndi Mayi. Pofika pabalaza anali atagwirizana kale kuti mawondo ndi adani, madokotala a masiku ano ndi ana, ndipo amuna abwino onse anafa. Namwino atabweretsa tiyi, Azakhali anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuwauza Mayi kuti mwana wotere sakhalitsa pakhomo. Loya anakonza tayi.

Kenaka analowa m'chipinda chakumbuyo.

Mayi anali atatsegula zenera kuyambira m'mawa, ndipo anaika maluwa pa tebulo. Koma chifuwa cha mphumu sichinamizidwa ndi maluwa. Azakhali asanathe mphindi ziwiri anayamba kutsokomola, kutsokomola kouma kokhala ndi kamluzu kumapeto. Anapisa m'chikwama, natulutsa kampope, napopera kawiri. Anapepesa, akuti ndi penti watsopanoyu, akauma zitha.

Namwino anayang'ana kampopeko, nayang'ana pansi.

Azakhali anayeza chipinda ndi mapazi. Anati bedi adzaika apa, mutu kukhoma lakumunsi, wadiropu n'kuisunthira uko. Mayi anayankha msanga kuti wadiropuyo ndi mphatso, ikutsala m'nyumba momwemo, koma ndi yolemera zedi, amuna anayi anailephera, bola ingokhala pomwe ilipo. Azakhali anati zikomo, ndiye bedi aligunditsa ku wadiropu komweko.

"Ine ndagula," anatero, akupumira m'mwamba. "Bambo ejenti, mapepala ali kuti? Mvula isanayambe ndikhale nditalowa."

Loya anatsegula chikwama, akuti mwamwayi anali ndi fomu ya mgwirizano. Mayi anamuyang'ana Makiyi pamwamba pa magalasi, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire anamumwetulira. Kunali kumwetulira kwa apongozi, komwe anakulota miyezi isanu ndi itatu. Kumbuyo kwawo Namwino anali atagwira chitseko ndi manja onse awiri.

Makiyi anamva kamluzu kaja m'chifuwa cha Azakhali. Ankakadziwa bwino. Ali mwana ankagona akukamvera kuseri kwa katani, akuwerenga kuti aone ngati kapitirire.

"Tisanasaine," anatero, mawu akumuthawa, "tiyeni tione kukula kwenikweni kwa chipindachi."

"A Ejenti," anatero Mayi, motsitsa.

Makiyi anali ataika kale phewa pa wadiropu. Wadiropu yolephera amuna anayi inasuntha ndi mwamuna mmodzi woonda, ikulira pansi ngati nayonso ikukana. Kuseri kwake penti anali atatupa matuza, ena ataphulika. Kuyambira pansi kufika m'chiuno khoma linali lakuda bii ndi nkhungu, lonyowa moti linkanyezimira. Fungo linatuluka ngati lakhala likudikira mpata.

Azakhali anatseka mphuno ndi mpango, akubwerera m'mbuyo. Kenaka anaona magazi pa chala cha Makiyi, pomwe msomali wa wadiropu unamukanda, ndipo chisudzo chonse chinathera pomwepo.

"Iwe, wadzicheka! Bweretsa kuno dzanjalo. Mwana wa mchimwene wanga, sudzasiya liti kugwira zinthu ngati ulibe maso?"

Anamukulunga chalacho ndi mpango womwewo, akumukalipira ngati wa zaka zisanu ndi chimodzi. Atatukula mutu ndi pomwe anazindikira kuti chipinda chonse chikuwayang'ana.

Loya anatseka chikwama pang'onopang'ono, mosangalala ngati munthu amene wapeza ndalama m'thalauza lakale.

"Pepani, ndingofunsa ngati mnzawo wa banja. A Ejenti, pa nyumba ino mukuimira ndani kwenikweni?"

Makiyi anayang'ana Mayi, nayang'ana Azakhali.

Mayi sanakalipe. Anangotambasula dzanja, chikhato m'mwamba. Makiyi anavutika kuchotsa makiyi awo pa mulu wa m'chiuno, chala chomangidwa chikuterereka, ndipo onse anaima kumudikira mpaka anamaliza. Mayi anawalandira n'kuwapereka kwa Loya osamuyang'ana n'komwe.

"Ndinakupatsani mpando wa amuna anga," anatero. "Geti mukulidziwa."

Namwino sanalinso pachitseko.

* * *

M'galimoto, atafika pa mphambano yachiwiri, Azakhali anayamba kumupanikiza. Anamufunsa kuti anadziwa liti za khomalo. Atayankha kuti Lolemba, anawerenga masiku pa zala, n'kunena kuti ndiye kwa masiku asanu mwana amene anamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato ankayeza chifuwa chawo pa sikelo. Anafunsa kuti mbali inayo ya sikelo panali chiyani cholemera chotero.

Makiyi anaulula. Anati namwino amene ankamunena uja ndi yemwe anabweretsa tiyi.

Azakhali anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iye wavumbwa mvula isanagwe n'komwe. Koma mkwiyo wawo unali utayamba kusamuka. Anati mantha a mnyamata wofuna mkazi amawamvetsa, amuna onse amapusa nyengo imeneyo. Chomwe sangachimvetse ndi munthu wotenga burashi, kupaka penti pa matenda, n'kukankhirapo wadiropu kuti mnzake adzagonepo.

"Mtsikanayo ndamukonda," anatero potsika. "Ndinaona nkhope yake nditatulutsa kampope. Uja si wa zimenezi, akungovutika ndi mayi ake. Ubwere naye Lamlungu la sabata yamawa ndidzamuone bwino. Koma dzanja lomwe linapaka penti uja lisadzagwire chitseko changa, ngakhale pa ukwati, ngakhale pa maliro anga. Wamva?"

Makiyi anati wamva. Kwa nthawi yoyamba tsikulo anapuma mpweya wofika m'mimba. Mbali imodzi inali itatsekeka, koma inayo inali itatseguka.

* * *

Anamutumizira Namwino mauthenga asanu ndi anayi Loweruka lomwelo. Lamlungu anatumiza ena anayi, wina wautali ngati kalata yofunsira ntchito. Onse ankaonetsa kuti awerengedwa. Yankho silinabwere. Lolemba m'mawa abwana anamuitana, chifukwa Loya anali ataimba kale foni ku kampani, ndipo anamuuza kuti nkhani yake ikambidwa Lachinayi. Makiyi anangogwedeza mutu. Maso ake anali pa foni.

Nthawi ya nkhomaliro anzake onse atatuluka, chitseko cha ofesi chinatseguka. Namwino analowa ali mu yunifolomu, maso otupa. Anakana mpando.

Makiyi anayamba zonse nthawi imodzi. Anapepesa kuti sanamuuze za Azakhali, anafotokoza za mphumu, za chipatala, za katani ya ubwana wake. Namwino anamusiya mpaka mawu anamuthera. Kenaka anati za kusuntha wadiropu sakumuimba mlandu, akanapanda kutero iye mwini sakanadzikhululukira. Chomwe chinamupweteka n'chakuti Lachisanu anakhala naye pa benchi limodzi, akumuphera ndagi m'malo momuuza zoona. Anati Mayi sanadye kuyambira Loweruka, ndipo Loya akubweretsa wogula wake Lachitatu, munthu amene akuti sasuntha mipando ya eni.

Makiyi anaona kampata, nalowapo ndi miyendo yonse. Anamuuza kuti si zonse zaipa. Azakhali amukonda, akumufuna Lamlungu. Anabwereza mawu awo onse monyadira, mpaka a dzanja lomwe lisadzagwire chitseko, n'kuwonjezera kuti Mayi adzawakhululukira m'kupita kwa nthawi, akuluakulu amakalipa kenaka n'kuiwala.

Namwino anaseka kaseko kopanda chimwemwe.

"Mayi anga mawondo awo aja, ukuganiza angagwade pansi ndi burashi? Angakankhe wadiropu?"

Namwino sanadikire yankho.

"Penti uja ndinagula ndine, pa malipiro anga. Ndinapaka ndine, kawiri, Mayi ali ku tchalitchi. Wadiropu ndinakankha ndine ndi msana uwu. Nzeru yonse inali yanga. Ndinatopa kuwaona akulira ndi khoma lija, ndipo ndinadziuza kuti adzagula ndi munthu amene sindidzamuona nkhope." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndiye nkhope ndaiona, ndipo ndaipatsa tiyi."

"Azakhali sakuyenera kudziwa," anatero Makiyi, mawu atatuluka okha.

"Wayambanso."

Anatola chikwama chake n'kupita kuchitseko. Atagwira chogwirira anatembenuka.

"Lamlungu ndibwera. Ndidzavala bwino, ndidzagwada, ndidzawapatsa moni ndi dzanja lomweli. Ine sindidzanena kanthu, ndipo sindikukupempha kuti unene kapena ubise. Uli ndi masiku asanu ndi limodzi. Ndikufuna ndione kuti ulendo uno ukhala ejenti wa ndani."